Chiinjini cha Mkamwini ndi Kainjini ka Mlamu Wake

Panali munthu wina amene anayendetsa minibasi zaka makumi awiri. Maso atayamba kuchita chidima, anausiya msewu. Anapita kukakhala kwawo kwa mkazi wake ku Nkhotakota, ndipo kumeneko anagula boti kuti azipha nsomba.

Tsiku lokagula injini, wogulitsa anamufunsa kuti, "Bambo, mukufuna muzikagwira nsomba zanji?"

Iye anati, "Za nsomba zisiyeni. Ndionetseni injini imene inzake singaidutse panjira."

Anamugulitsa chiinjini chimene anachinyamula amuna atatu. Chikalira, nkhuku za m'mudzi zinkathawira pansi pa nkhokwe.

Munthuyu anali ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, msodzi wakalekale. Iyeyo anali ndi kainjini kakang'ono kolira ngati makina osokera zovala. Munthu wopalasa bwato ankatha kumupeza panyanja, kumupatsa moni, kufunsa za ana mmodzimmodzi, kenako n'kutsanzika kuti, "Ine nditsogoleko, ndili pachangu."

Onse awiri ankafuna ncheni. Tsono ncheni zili ndi khalidwe lake. Zimakhala kutali, pakati pa nyanja. Zimadya m'mawa, ndipo dzuwa likatentha zimatsikira pansi. Pozigwira umaika usipa kumbedza, n'kuponya chingwe kumbuyo kwa boti, boti n'kumayenda pang'onopang'ono, kuti nyamboyo izioneka ngati kansomba kotopa.

Wa minibasi uja ankafika pamalopo aliyense asanafike. Koma chiinjini chake sichinkadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Akachichepetsa moto, chinkatsokomola kawiri n'kuzima. Akachiwonjezera, nyambo inkadumphadumpha pamwamba pa madzi ngati mwala woponyedwa ndi ana. Tsiku lina nkhwazi inaithamangitsa nyamboyo, inatopa, n'kubwerera kumtengo. Tsiku lina ncheni ina yolimba mtima inaluma. Iye pokoka chingwe anapeza kumbedza kuli mlomo wokha.

"Nsomba za masiku ano n'zaulesi," anatero pofika kunyumba.

Mlamu wake ankanyamuka nthawi yomweyo, koma ankafika dzuwa lili paliwombo, ncheni zitatsikira kale pansi. Ankagwirako ziwiri kapena zitatu zochedwa ngati iye. Pofika nazo kumtunda zinkakhala zitafewa mimba, ntchentche n'kumamuchingamira.

Akakumana padoko, ankapatsana moni mwaulemu.

"Alamu, mwabwerako? Ndimayesa munapita chaka chatha."

"Ndabwerako, alamu. Nanga inu, nsomba mwazitsitsa pa siteji iti?"

Zinkatha choncho, wina kwake, wina kwake.

Ndiyeno mwana wamkazi wa wa minibasi uja, dzina lake Esinala, anapeza mwamuna wa ku Ntchisi. Tsiku la chinkhoswe linaikidwa. Pokambirana ndi akuchimuna, bambo wa mwana anadziguguda pachifuwa kuti alendo adzadya ncheni mpaka kukana okha. Malume wa mwana, msodzi wa kainjini uja, posafuna kutsalira, anati zotsala adzanyamula m'madengu popita kwawo. A ku Ntchisi anakabwereza mawu amenewa m'mudzi mwawo monse, moti ngakhale osaitanidwa anayamba kuchapa zovala.

Kutatsala masiku anayi, nsomba kunalibe. Kutatsala atatu, bambo anabwera ndi boti louma, malume anabwera ndi ncheni imodzi imene galu anainunkhiza n'kuchokapo.

Mayi wa Esinala anakhala pakhonde n'kuyang'ana malichero opanda kanthu. Anaona m'maganizo alendo akutsika galimoto, iye akuwapatsa nyemba ndi kabichi, nyanja ili poteropo. Anaona mwana wake akunyozedwa ndi azilamu ake moyo wake wonse. Esinala anali m'nyumba, akulira mosatulutsa mawu.

M'mawa mwake mayiyo analawirira kudoko. Anapita paboti la mchimwene wake, anamasula kainjini kaja, anapinda chitenje kukhala nkhata, n'kukasenza pamutu ngati ndowa ya madzi. Anakafikitsa paboti la mwamuna wake, n'kukamangirira pambali pa chiinjini chija.

Amuna awiri aja anafika pamodzi.

"Achemwali, mwandibera!" anakuwa mchimwene wake.

"Mayi a Esinala, chotsani kachidole ako paboti langa, anthu andiseka," anatero mwamuna wake.

Mayiyo anakutumula nkhata yake, nati, "Bambo a Esinala, inu mufikitse boti. Mukafika muzimitse, osagwiranso kanthu. Achimwene, kuyambira pamenepo ntchito ndi yanu. Pobwerera mubweze boti kwa mwini wake. Amene akukana, akwere basi lero lomwe akawauze yekha a ku Ntchisi."

Palibe amene anafuna kukwera basi. Anakwera boti.

Chiinjini chinabangula, boti linaimika mphuno. Malume uja, amene chibadwire anali asanathamangepo chotero, anagwira thabwa ndi manja onse awiri. Chipewa chake chinauluka, ndipo sanachicheukire. Anayamba kuimba nyimbo ya pamaliro. Asanamalize ndime yachiwiri, anali atafika, dzuwa likungotuluka kumene.

Wa minibasi anazimitsa. Kainjini kanayamba kusoka. Zingwe zinaponyedwa, boti n'kumakwawa.

Apa ndiye panavuta. Munthu uja anayang'ana madzi, anayang'ana kumwamba, anayang'ana chiinjini chake chili duu. Dzanja linkapita lokha kuchingwe cholizira.

"Alamu, tikuyenda kapena taima?"

"Tikuyenda."

"Ndingowonjezerako pang'ono pokha."

"Mukagwira, ndikanena kwa achemwali."

Munthu uja anaika manja ake onse awiri pansi pa matako, n'kuwakhalira. Thukuta linatsika ngati akulima.

Kenako chingwe chinagwedezeka. Malume anakoka, ncheni yaitali ngati mkono inagwera m'boti, yathunthu, mlomo ndi mchira womwe. Chingwe china chinagwedezekanso. Wa minibasi anaiwala manyazi, anayamba kukoka uku akukuwa, "Kwerani! Kwerani! Malo alipo kumbuyo!" Dzuwa lisanatenthe, analibe poponda.

Pobwerera, chiinjini chinawafikitsa nsomba zikuphiriphithabe. Anapitanso mawa lake, zinateronso. Pachinkhoswe alendo anadya mpaka kumasula malamba, ndipo osaitanidwa aja ananyamuladi m'madengu.

Mkulu wina wa ku Ntchisi anafunsa kuti anagwira nsomba zonsezi ndani. Bambo anati, "Injini yanga." Malume anati, "Injini yanga." Mpaka lero sanagwirizane. Amakangana popita, amakangana pobwera, ali m'boti limodzi.

Tsono inu a komiti yomanga tchalitchi, fanizoli ndi lanu. Achinyamata mukufuna tigwetse khoma lakale mawa m'mawa, pamene sitinaumbe njerwa ndi imodzi yomwe. Akuluakulu mwatha zaka zitatu mukukambirana mtundu wa penti, denga likudontha pamutu pa abusa. Aliyense wa inu akachoka pano amakauza mkazi wake kuti vuto ndi enawo. Mvula ikubwera, abale anga, ndipo siidzafunsa kuti wolondola anali ndani. Kuliza injini yako n'kosavuta, mwana aliyense amatha. Pitani mukaphunzire kuzimitsa yanu nthawi ya mnzanu ikakwana. Manja akakuyabwani, akhalireni.