Swala 56,575 za Che Jafali

Che Jafali anafika pakhomo pa Shehe Sumani ku Ntaja dzuwa litapendeka, kope lili m'khwapa. Che Jafaliwa anaphunzitsa masamu ku Lilongwe moyo wawo wonse, ndipo kwa zaka 31 chipumi chawo sichinagundepo pamkeka woswalira, umene Asilamu amapempherapo. Tsopano anali atabwerera kumudzi ndi matenda a mtima, dokotala atawauza kuti masiku awo atsala owerengeka.

Che Jafali anawapeza a Shehe atakhala pamwala, akusoka patapata yoduka. Analonjerana, mlendo n'kupatsidwa mpando.

"Shehe, ndabwera ndi nambala," anatero Che Jafali. "Kaya mwina ikukulirani."

"Mwinadi, aphunzitsi. Ine kuwerenga kwanga kumathera pa mikanda yopempherera ya tasibihi. Inenani."

"56,575. Ndi swala zimene ndinadumpha. Zisanu patsiku, masiku 365, zaka 31." Anatsegula kope lija monyadira. "Ndaizungulira mbali zonse. Pawiri sigawika. Imagawika ndi 5, ndi 25, ndi 31, ndi 73. Si nambala yamasewera."

Kunena zoona, nambala imeneyi ngakhale ife amene tinasiya sukulu Sitandade 6 aphunzitsi atasowa chotiphunzitsa, timaivulira chipewa.

Kenako mawu a Che Jafali anatsika. "Ndikamabweza zisanu patsiku, ndi zaka 31. Khumi patsiku, zaka 15 ndi theka. Dokotala sanandilonjeze ngakhale ziwiri. Ndiye tandiuzani, Shehe, munthu ayambirenji ntchito imene masamu anena kale kuti saimaliza?"

A Shehe anaika zingano pansi.

"Mwawerengera mwaluso. Yankholi munalipeza liti?"

"Patha masabata atatu."

"Nanga m'masabata atatuwo mwaswali kangati?"

Che Jafali anayang'ana kumbali, kumene nkhuku zinkapalasa. "Ndinali wotanganidwa ndi kugawaku."

"Mundikhululukire, aphunzitsi, ine ndine wosaphunzira. Koma nambala yanuyo ndi yolakwika. Phatikizanipo 105."

Milomo ya Che Jafali inayenda mwakachetechete. Munthu amene anathetha ana zikwizikwi ndi cholembera chofiira anathetha nambala yake yomwe m'kope lija.

"56,680," ananong'ona. "Tsopano ikugawika pawiri."

Nthawi yomweyo kumzikiti kunamveka adhana yoitanira anthu ku swala yamadzulo ya Asiri. A Shehe anadzuka, n'kutenga birika la madzi odziyeretsera munthu asanaswali, n'kuliika pamapazi pa mlendo wawo.

"M'bale wanga, Allah sadzakufunsani kuti nambalayi imagawika ndi chiyani. Tsiku lanu alidziwa ndi Iye, dokotala amangoyerekeza, ndipo chifundo chake palibe anachiwerengapo n'kuchimaliza. Swalani iyi yaitanayi, mukatero mubweze imodzi yakale. Akadzakuitanani, adzakupezeni mukuchotsera, osati mukuphatikiza. Madzi ndi awa, tiyeni."