Tambala ndi Kwaya Yongotsegula Pakamwa

Kalekale, ana inu, mbalame zikadali ndi makwaya, kwaya ya kudambo inkaphunzitsidwa ndi Tambala. Mawu anali nawo, pamenepo tisamunamizire. Koma kudzimva! Akuluakulu a kudambo anali atamuchenjeza kuti kwayayo ikalepheranso pa mpikisano wa chaka chimenecho, ndodo yoyimbitsira adzaipereka kwa Bakha.

Ndiye pokonzekera, wina akaphonya nyimbo, Tambala sankabwereza naye. Ankadikira poweruka, n'kumuitanira kuseri kwa chulu.

"A Khwangwala, besi yanu ija ikuchita kupala m'makutu. Inu muzingotsegula pakamwa, mawu musiyire anzanu. Musauze aliyense."

"Chabwino, aphunzitsi," anatero Khwangwala, manyazi atamugwira.

Mawa lake, Nkhanga kuseri kwa chulu.

"Mayi Nkhanga, mukuthamanga kwambiri. Muzingotsegula pakamwa, mawu musiyire anzanu. Musauze aliyense."

Mkuja, Njiwa. Kenako Kakowa. Bakha yekha ndiye anayesa kudandaula.

"Koma aphunzitsi, bwanji osangondikonza pamene ndikulakwitsapo?"

"Nthawi palibe, a Bakha. Pakamwa basi."

Aliyense ankaganiza kuti woletsedwa ndi iye yekha. Tambala naye sanawerenge kuti watsala ndani, poti ankayimba nawo mokweza, maso atatsinzina, khosi lili m'mwamba, n'kumangomva mawu ake omwe.

"Mwaonatu!" ankatero. "Lero ndiye zasalala!"

Tsiku la mpikisano linakwana. Woweruza, a Kadzidzi, analengeza kuti: "Woyimbitsa ntchito yake ndi ndodo. Akayimba nawo, kwaya yake yagwa."

Tambala sanade nkhawa. Kwaya yake inafola, nthenga zopesa bwino. Anakweza ndodo, n'kuitsitsa. Milomo yonse yasa! Koma kuli zii. Mitu ikugwedezeka, mapazi akuponda mogwirizana, mawu ngakhale amodzi ayi. Khwangwala anayang'ana Nkhanga, Nkhanga anayang'ana Njiwa, aliyense akudikira anzake amene anawasiyira mawu aja.

Tambala anakwezanso ndodo. Zii. Ntchentche inalowa m'kamwa mwa Kakowa n'kutulukamo bwinobwino.

Apa mantha anamugwira Tambala. Anaiwala lamulo, anaiwala ndi nyimbo yomwe, n'kungokuwa kuti, "Kokoliliko!"

A Kadzidzi anaphethira pang'onopang'ono.

"Zikomo a Tambala, tamva kuti kwacha. Nanga nyimbo ija ibwera nthawi yanji?"

Bwalo lonse linafa ndi kuseka.

Ndodo inapita kwa Bakha tsiku lomwelo. Atayamba kuphunzitsa, linali phokoso loti ndi achule omwe anasamuka padambo, koma Bakha ankangoti, "Tibwerezenso, a Khwangwala, mwatsala pang'ono." Tambala uja, Bakha anamuimika kumbuyo kwa atenala, n'kumupempha mwaulemu kuti achepetseko mawu, azimvako anzake.

Ana inu, wophonya nyimbo muzibwereza naye, chifukwa mukamutseka pakamwa mudzayimbitsa mphepo.