Angoni a Chagunda

Kalekale, m'mudzi mwathu momwe muno munali mkamwini wina dzina lake Chagunda, mwamuna wa gogo wathu Nambewe. Pa khasu anali waulesi, sindibisa, koma maso ake ankalima kumwamba. Mtambo ukaima ngati chulu, pamwamba n'kuyala ngati lichero, pansi n'kuda bii, ankadziwa kuti imeneyo si mvula yodzalira.

Tsiku lina kutatentha, mphepo ili zii, anauza alamu ake kuti akamasule mbuzi kudambo, kukubwera matalala. Alamu anaseka, ati mkamwini wobwera dzulo angadziwe bwanji za kumwamba kwa eni. Matalala anagwa ngati mazira a nkhanga, mbuzi zinafera pazingwe. Mukuganiza anamuthokoza? Anati wodziwa tsiku la matalala ndiye wowaitana. Anamupatsa mphasa yake ndi khasu lake, n'kumulozera njira. Mkazi, ali ndi pakati, anatsala, paja mbumba nja eni.

Chagunda anabwerera kwawo, tsidya la mtsinje. Tsiku ndi tsiku ankakhala pathanthwe, maso ali kuno. Utsi ukakwera m'mudzi muno, ankati umenewo ngwa Nambewe. Mtondo ukamveka, ankati musi umenewo ngwa Nambewe. Akwawo akamufunsa, ankati akuona mitambo. Mitambo yanji m'chilimwe?

Ndiye dzinja lina anauona mtambo woti sanauonepo. Tsinde lake linkazungulira pang'onopang'ono ngati madzi olowa m'dzenje, kamchira kakulendewera, ukulunjika kuno. Akanene zoona? Zoonazo si zimene zinamuchotsa pabanja? Anawoloka mtsinje, n'kubisala kuseri kwa nkhokwe, n'kukuwa kuti nkhondo ya Angoni yafika. Mudzi wonse unali liwiro la kuphanga, kumene ankabisala nthawi ya nkhondo.

Nambewe yekha anaima, mwana ali kumbuyo.

"Mawuwo ndikuwadziwa. Angoni ake ati, bambo a mwana?"

"Akuchokera kumwamba. Thamangani."

"Tiyeni limodzi."

"M'phangamo muli alamu. Akandiona, atulukamo onse kuti bodza."

Chagunda anangogwira kaphazi ka mwana uja, amene anali asanamuonepo, n'kubwerera njira ya kumtsinje mphenzi zikung'anima.

Kavuluvulu anadutsa pakati pa mudzi, anazula madenga, anagwetsa nkhokwe, koma sipanaikidwe maliro. Alamu mpaka kukalamba ankadzitama kuti Angoni anaopa mikondo yawo. Nambewe sanawatsutse. Ankangokatunga madzi kumtunda, kutali, pamene thanthwe lija limaonekera, n'kumachedwa kubwerako. Chagunda sanawolokenso.

Mwana wa kumbuyo uja ndiye anabala ife. N'chifukwa chake pabanja pathu mtambo ukamazungulira sitichita nawo mlandu. Tikuuzani kuti njuchi zabalalika, kaya galu wachiwewe walowa, bola mulowe m'nyumba. Mumati ndine wabodza, chabwino. Koma mukandimva ndikunama kunja kutada, yambani mwathawa, mlandu tikamba mvula ikakata.