Galimoto Yosalira ya ku Ngala

Pa zaka makumi atatu ndi ziwiri zimene a Sailesi anagwira chiwongolero, galimoto yawo inali isanagonepo panjira. Anayamba ndi mathirakitala okoka nzimbe ku Dwangwa, kenaka malole, kenaka minibasi, ndipo konseko chida chawo chachikulu sichinali sipanala ayi, linali khutu. Injini ikangotsokomola ankadziwa pamene pali nthenda asanatsegule n'komwe boneti. Mbiri imeneyi ndiyo inawapezetsa ntchito pamene gulu la amayi ogulitsa nsomba ku Ngala linalandira galimoto yoyendera magetsi kuchokera ku bungwe lina. Kwa munthu amene imvi zinali zitafika kale m'ndevu, msana ukudandaula m'mawa uliwonse, iyi inali ntchito yotsiriza. Ankadziwa kuti akaitaya, palibenso amene adzawapatse makiyi.

Ntchito yake inali iyi: katatu pa sabata kunyamula chambo ndi kampango m'mabokosi a ayezi, kudutsa pa boma la Nkhotakota, kukwera mapiri a m'nkhalango ya nyama mpaka ku Kasungu, kutchaja galimotoyo pang'ono komweko, n'kubwerera. Akafika, aitsuke n'kuilumikiza ku magetsi a sola.

Amene bungwe lija linatuma kudzawaphunzitsa anali Muriel, mwana wa mlongo wawo weniweni, amene anachita maphunziro a zamagetsi ku Lilongwe. Mwana yemweyo amene a Sailesi ankamukweza pamwendo mu lole ali wamamina, lero anabwera ndi ovolosi ndi buku lochindikala.

"Amalume, tagwadani muone," anatero Muriel ataloza pakati pa matayala akumbuyo. "Chitsulo chonga mphika waukuluchi ndiye mota. Mulibe mapisitoni, mulibe mapulagi. Muli chinthu chimodzi chokha chozungulira, koma chimazungulira koposa ka zikwi khumi pa mphindi imodzi, chitakhala pa mabering'i awiri. Pambali pakepa pali magiya, ali ndi oyilo wawo pang'ono. Mukaisamala, motayi ikhoza kutha zaka khumi ndi zisanu osatsegulidwa."

"Ndiye ndisamale chiyani, poti mulibe kanthu?"

"Madzi. Mvula siiopa, ngakhale kuwoloka chithaphwi chosafika m'mawondo. Koma musaiimike m'madzi, makamaka ikatentha. Pamwambapa pali kabowo kopumira. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimakoka mpweya, ndiye kabowoko kakakhala m'madzi chimakoka madzi. Potsuka muzitunga pampopi."

A Sailesi anadzuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno. "Iwe Muriel, sipanala yoyamba imene unagwira inali ya yani?"

"Yanu, amalume."

"Basitu."

Bukulo analandira ndithu, koma analiika pansi pa mpando, ndipo m'menemo linakhala.

Tisafulumire kuwaweruza. Miyezi iwiri yoyamba anamvera. Koma mpopi wa pa ofesi ya gululo unkangodontha ngati misozi ya munthu wolira maliro a eni, ndipo galimoto yonyamula nsomba siitsukika ndi ndowa ziwiri. Madzi a nsomba amalowa m'ming'alu monse, dzuwa likawomba fungo lake limathamangitsa ndi galu yemwe. Munthu wayendetsa kuyambira mbandakucha, wabwera miyendo itatupa, kenaka anyamule ndowa khumi ndi ziwiri kuchokera kumjigo. Pamene nyanja ili apo, yodzaza, yaulere.

Komanso kutsuka galimoto m'nyanja si chinthu chachilendo kuno. Madalaivala onse amatero: kubwerera chafutambuyo pagombe mpaka madzi afike pakati pa matayala, kutsegula kumbuyo, n'kumakapiza ndi chigubu chodula. A Sailesi anatero ndi malole, anatero ndi minibasi, ndipo palibe inafa.

Tsiku lina masana, akudutsa ndi ndowa m'manja, anamva mnzawo Abasi, dalaivala wa lole ya usipa, akuwakuwira ali m'madzi.

"Achimwene! Kodi mwakwatiwa kumjigoko? Mawa tikupezani mutamanga chitenje!"

"Galimoto iyi ndi ina, Abasi. Akuti siifuna nyanja."

"Akuti ndani? Wallahi, dziko latha. Sailesi wa ku Dwangwa kuphunzitsidwa galimoto ndi mwana wa dzulodzuloli! Bwerani nayo isambe, ndi ya kunyanja imeneyo."

Anyamata a pagombe anaseka. A Sailesi anaika ndowa pansi. Posakhalitsa galimoto ija inali chiimire m'madzi, mota ili yotentha ndi ulendo wa ku Kasungu, mafunde akuinyambita. Itatuluka inayenda bwinobwino, ili zii monga mwa masiku onse.

"Mwaona?" anatero Abasi. "Yafa?"

Kuyambira tsikulo mjigo sunawaonenso.

Patapita masabata asanu, kunayamba kumveka kakulira kochepa kuchokera kumbuyo, konga ka udzudzu uli patali. Khutu la a Sailesi linakamva tsiku loyamba lomwe. Koma khutulo linakulira pa dizilo. Kwa iwo galimoto yodwala imatsokomola, imafuka utsi, imanjenjemera, imavuta kulira m'mawa. Iyi inkanyamuka ngati mphepo. Anagogoda matayala, anasuzumira pansi, sanaone chodontha. Anati ndi mchenga wa m'mabuleki.

Muriel anaimba foni Lachitatu lina.

"Amalume, Lachisanu ndikubwera kudzaona oyilo wa magiya. Ikuyenda bwanji?"

"Ngati mwana wakhanda."

"Palibe phokoso lililonse? Ngakhale laling'ono?"

A Sailesi anawerengera mumtima. Akanena za kakulirako, afunsidwa za madzi. Akavomera za madzi, ndiye kuti malume agwada pamaso pa mwana wa mlongo wawo.

"Palibe. Ndipo Lachisanu usavutike, tili ndi ulendo waukulu. Ubwere mwezi wamawa."

Ulendowo unalidi waukulu. Kunali ukwati ku Kasungu, ndipo eni ake anaitanitsa chambo chochuluka kuposa chimene gululo linatumizapo. Amayi khumi ndi anayi anasonkhanitsa nsomba za masiku awiri. Mayi Zulfa, wapampando wa gululo, mayi wosachulutsa mawu amene anayamba geni ya nsomba ndi beseni limodzi pamutu, anakwera nawo kutsogolo kuti akapereke okha.

Unali mwezi wa Okutobala. Pofika pa boma, udzudzu uja unali utasanduka njuchi. Mayi Zulfa anatembenuka.

"A Sailesi, chikulirachi n'chiyani?"

"Katundu walemera, mayi. Musade nkhawa."

Atalowa m'nkhalango n'kuyamba chitunda chachitali, phokoso linasintha, linakhala ngati mphero ikugaya miyala. Pa dashibodi panayaka kachithunzi ka kamba, ndipo galimoto inayambadi kuyenda ngati kamba. A Sailesi anachita zimene phazi lawo linazolowera pa malole: anaponda moto mpaka pansi kuti amalize chitundacho. Kunamveka kuti gu! kumbuyo, matayala anakwekwereza pang'ono, basi zii.

Anatsika. Anatsegula boneti mwa chizolowezi, n'kupeza mawaya ochindikala achikasu chofiirira amene Muriel anawaletsa kukhudza. Panalibe pulagi yoti apukute, panalibe paipi yoti ayamwe, panalibe lamba woti amange ndi chingwe. Nzeru zonse za zaka makumi atatu zinali m'manja mwawo, koma panalibe pozigwiritsa. Anangoima, thukuta lili kamukamu.

Foni sinkagwira. M'nkhalango muja munthu sayenda wapansi chifukwa cha njovu. Galimoto zimene zinadutsa zinali zodzaza kale, ndipo dalaivala wina amene anaima anangopukusa mutu: "Ya magetsi? Pepani madala, imeneyo sindiidziwa." Anatenga uthenga wokha kuti akaimbire Muriel akafika pogwira netiweki.

Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka. Kumbuyo kwa galimoto madzi anayamba kudontha, poyamba oyera, kenaka ofiirira. Ntchentche zobiriwira zinabwera osaitanidwa. Mayi Zulfa anatsegula bokosi limodzi, anadina chambo ndi chala, chalacho chinalowa. Anatseka. Anayala chitenje pamthunzi wa galimoto, naswali monga apempherera Asilamu, kenaka anakhala pansi. A Sailesi akanakonda atawatukwana.

Muriel anafika ndi lole yonyamula galimoto dzuwa litapita ndithu. Nsomba zinakakwiriridwa m'dzenje kunja kwa nkhalango.

Lolemba, pabwalo la ofesi ku Ngala, amayi onse ali pomwepo, Muriel anamasula kabawuti ka pansi pa magiya. Oyilo amene amayenera kutuluka woyera ngati uchi anatuluka ngati tiyi wamkaka, muli timchenga ndi tizitsulo. Atatsegula mota anapeza mabering'i atadyeka ndi dzimbiri, limodzi litaphwanyika, ndipo chozungulira chija chitakhula mawaya a m'kati mpaka kupserera. Anapukuta manja natembenukira kwa a Sailesi.

"Amalume, inalowa kangati m'nyanja?"

"Sindinawerenge."

"Tsiku lija ndinaimba foni, mukanangonena. Tikanataya oyiloyu, tikanasintha mabering'i awiri. Ntchito ya tsiku limodzi." Mawu ake sanali aukali, anali otopa. "Pano ikufunika mota yonse. Muno m'dziko mulibe. Abungwe akavomera, ndi miyezi inayi kapena isanu."

Amayi aja ankadziwa tanthauzo lake: kubwerera ku matandala oyanikapo nsomba, ku utsi wowamba nsomba umene umalowa m'maso ndi m'chifuwa, ku kukangana ndi makondakitala pa Dwangwa kuti beseni likwere. Mmodzi anadzuka, anamanga chitenje, napita. Ena anatsatira mmodzimmodzi.

A Sailesi anapisa m'thumba natulutsa makiyi. Anawapereka ndi manja awiri kwa Mayi Zulfa.

"Mayi, ndalakwa."

Mayi Zulfa anawalandira, nawayang'ana makiyiwo ngati akuwayeza kulemera. "Kulakwa tonse timalakwa, a Sailesi. Kusambitsa galimoto m'nyanja ndikanakukhululukirani, inenso mjigo uja ndimaudziwa kuwawa kwake. Koma ine ndinakufunsani pa boma paja, ndili pambali panu, nsomba zikadali zozizira. Munati ndisade nkhawa." Anamanga makiyiwo pa ngodya ya mpango wawo. "Mota ikadzabwera, Muriel adzaphunzitsa Fainess wa m'gulu lathu lino. Layisensi ali nayo, ndipo akapanda kumva amafunsa."

A Sailesi anavala chipewa chawo. Anadutsa pambali pa galimoto ija, imene tsopano inali pamiyala, natuluka pa geti wapansi, akukoka mwendo. Ali m'njira, minibasi ina inawadutsa ikupita ku Dwangwa, ndipo khutu lawo, losadziwa kuti ntchito yatha, linawauza kuti pulagi yachitatu ya minibasiyo yatopa. Linali lisananame. Linangokumana ndi chinthu chimene silinaphunzire, mwini wake n'kukana kufunsa. Akuluakulu anaona zotere kalekale, n'chifukwa chake anati: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.