Mvuu ndi Hutala ya Akuluakulu

Kalekale, nyama zisanayambe kuopana, panyanja panali sitima yaikulu yonyamula apaulendo ongokaona malo. Ana inu khalani bwino. Nanunso akuluakulu kumbuyoko, musayese ngati nkhaniyi yakulambalalani.

Sitimayo inali yosanjikiza, yoyera mbee. Inali ndi zipinda zogona, chipinda chodyera, ndi khonde la pamwamba lopitidwa mphepo. Woyendetsa anali Kakowa, mkulu wa yunifomu yoyera, wosakonda mikangano.

Tsono kunali Nalimata. Nalimata anali mkamwini, ndipo pamudzi pa mkazi wake mbiri yake sinali bwino. Anthu ankati ndi mlesi, ntchito yake ndi kukakamira pakhoma basi. Kuti achotse manyazi, anaganiza zotenga mkazi wake ndi apongozi ake aakazi kuti akakwere sitima. Apongoziwo anayankha kudzera mwa mwana wawo, monga mwa mwambo. Anati, "Tikaona."

Tsiku lonyamuka, Kakowa anasonkhanitsa onse pakhonde.

"Muno tilimo ambiri, koma sitima ndi imodzi," anatero. "Pa chakudya pali mzere. Tengani chokukwanani, mukafuna china mubwerenso. Mpando ndi wa amene wakhalapo, si wa chipewa chake. Tikaima padoko tsikani mukaone malo, koma hutala ya sitima ikalira..."

Zotsalazo anamva onse kupatula mmodzi. Mvuu, chimkulu cha mimba yokhudza pansi, anali atatsikira kale kuchipinda chodyera, kukaona ngati ophika akuidziwa ntchito.

Belu la chakudya litalira, ngeee, nyama zinandanda pamzere. Mvuu anadutsa mzere wonsewo, phazi ndi phazi, mpaka kutsogolo. Mpunga, kwapu. Maungu, kwapu. Nthochi ndi makoko omwe, kwapu. Ngakhale ngumbi zokazinga, zimene ophika anakonzera tizilombo ting'onoting'ono, anazikokolola ndi lilime.

"Bwana, kodi ngumbi mumadya?" anafunsa Nalimata, kambale kali m'manja.

"Sindidya."

"Nanga bwanji mwazitha?"

"Ndinalipira."

Atakhuta, Mvuu anakwera pakhonde. Pampando uwu anaika chipewa. Pa uwo anaika ndodo. Pa winawo nsapato imodzi, pa winanso inzake. Mwiniwake anagona pansi, poti panalibe mpando womukwana. Kumene wagona, sitima inkapendekera komweko, ndipo makapu a tiyi ankayenda okha pathebulo kumutsatira.

Kutacha, zomwezo. Belu ngeee, Mvuu kutsogolo. Mpunga, kwapu. Maungu, kwapu. Ngumbi, kwapu.

Apongozi a Nalimata sanadandaule. Anakhala pansi pakhonde, natambalala, nayang'ana madzi. Kenako anauza mwana wawo, mokweza pang'ono kuti khoma limve.

"Mwanawe, nyanjayi ndi yokongola ndithu. Munthu akhoza kufa ndi njala akuiyang'ana."

Mawa lake anawonjezera. "Mwana wa anzathu aja anakwatiwa ndi a Gulo. Sitima sakwera. Koma amadya."

Mkazi wa Nalimata anakokera mwamuna wake pambali. "Mwamva inu? Tikafika kumudzi chonchi, amalume akakupatsani khasu lanu ndi mphasa yanu, muzikaona njira ya kwanu. Ine sindidzatha kukuikirani kumbuyo."

Nalimata ankamukonda mkazi wakeyo, ndipo kwawo kunalibe ngakhale khoma lokakamirapo. Anakwera kwa Kakowa, nagwada.

"Wawa akaputeni. Apongozi anga akungomwa tiyi wopanda kanthu."

"Wokwera ndi wokwera," anatero Kakowa, maso ali kutsogolo. "Malamulo ndinanena. Kugwira munthu pakamwa si ntchito yanga. Komanso pakamwa pakepo mwapaona inu?"

"Ndapaona."

"Basitu."

Nalimata anabwerera, nakakamira pakhoma, zii. Mkazi wake ankayesa kuti wayambiranso ulesi uja. Koma iye ankaganiza.

M'mawa wotsatira sitima inaima pachilumba china chachonde, cha nzimbe ndi mavwende. Amalinyero anaponya thabwa lotsikira. Mvuu anatsika woyamba, thabwa likulira kwee, kwee, nalunjika kudimba. Ena onse anamwazikana, uyu kukaona mapanga, uyu kukagula mikanda.

Dzuwa litafika pamutu, Nalimata anamupeza Mvuu ali pakati pa mavwende, madzi ali chuu m'chibwano.

"Wawa bwana."

"Ukufuna chiyani?"

"Palibe. Ndimati nditsanzike. Ife tayamba kubwerera, hutala yathu ili pafupi kulira."

Mvuu analeka kutafuna. "Yanu? Hutala ili ndi eni ake?"

"Kodi a Kakowa simunawamve? Pepani, ndaiwala, munali pa ntchito kumunsi kuja. Hutala yoyamba ikalira, timathamanga ndife a miyendo ifupiifupi. Ine, a Kamba, a Chule. Tikachedwa ife, ndiye kuti tatsala."

"Yachiwiri?"

"Ikalira imeneyo mudzaona a Mbuzi, a Gwape, a Nyani akukwera. Anthu wamba."

"Nanga ya akuluakulu?"

Nalimata ananyambita diso lake, monga amachitira anzake onse. "Bwana, ndine yani ine kuti ndidziwe za akuluakulu? Imeneyo sindinaimvepo. Kapena makutu anga ndi aang'ono."

"Ndi aang'onodi," anatero Mvuu.

"Komabe mukafuna, mukhoza kukwera nafe. Kapena ndi a Mbuzi. Kungoti pathabwa paja pamakhala kupanikizana, uyu phewa, uyu nyanga. Ndiye anthu amayankhula. Amati, onani bwana aja, akuthamangira hutala ngati mwana wasukulu."

"Ine kukwera ndi Mbuzi?"

"Ndimangonena."

"Usamangonena. Choka."

Nalimata anawomba m'manja, nayamba kubwerera. Atayenda pang'ono anatembenuka. "Nzimbe za kuseri kwa phiriko akuti ndiye zotsekemera. Koma musavutike nazo, ndi zolimba. Mano wamba sangazithe."

Asanamalize n'komwe, Mvuu anali atadzuka. Di, di, di, kuseri kwa phiri.

Hutala yoyamba inalira, puuu. Mvuu anaimva ali ndi nzimbe m'kamwa. "Ya tizilombo," anatero, napitiriza, khuru, khuru.

Hutala yachiwiri inalira, puuu, puuu. "Ya anthu wamba," anatero, nazula phata lina.

Padoko, Kakowa anaima pamwamba pa thabwa. "Onse akwera?"

"Kwatsala a Mvuu," anatero Nalimata. "Hutala aimva, koma anati iwo sangakwere ndi Mbuzi."

"Anatero?" anafunsa Mbuzi, ndevu zikunjenjemera.

"Pakamwa pawo."

Kakowa anayang'ana kuchilumba. Anayang'ana sitima yake, imene kwa nthawi yoyamba chinyamukire inali itakhala mowongoka. Anayang'ananso kuchilumba. Kenako anakonza kolala.

"Ndinanena poyera kuti hutala imalira kawiri, yachitatu kulibe. Kokani thabwa."

Mbuzi anathandiza kukoka, ngakhale sinali ntchito yake.

Mvuu anatha nzimbe zonse, nageya, natchera khutu. Zii. Anadikira. Zii. Anati akasuzumire, poti mwina woliza hutala akuchita mantha kumusokoneza. Atazungulira phiri anaona padoko pali mbee, ndipo kutali uko kanthu koyera kakufuka utsi, kakucheperachepera.

Anathamanga, di, di, di, mpaka m'madzi, chubwi. Madzi m'mawondo. Madzi m'mimba. Madzi m'khosi. Anayasamula kukamwa konse, nafuula kuti hutala yake sinalire, koma mawu anathera m'mafunde. Pamenepo anaima, makutu okha ndi mphuno zili pamtunda.

"Abwera," anadziuza. "Angoiwala."

M'sitima belu linalira, ngeee. Nyama zinandanda, aliyense natenga chomukwana, ndipo chakudya chinatsalako. Apongozi a Nalimata anadya ngumbi mbale imodzi, natuma mwana wawo kukatenga ina. Atatha anakwera pakhonde, nakhala pampando weniweni, miyendo ili lende. Anayang'ana madzi nthawi yaitali.

"Mwanawe," anatero, "uwauze amunako kuti ngumbizi mchere unachepa."

Nalimata anayang'ana mkazi wake mwamantha.

"Akukuthokozani," ananong'ona mkaziyo. "Abambo anga anakhala nawo mpaka imvi, sanauzidwepo zoposa pamenepa."

Mvuu ndiye adakali m'madzimo mpaka lero. Mukadzamuona, onetsetsani. Thupi lonse labisala, koma timakutu tili pamtunda, tikungotembenuka uku ndi uku. Akumvetsera hutala ya akuluakulu.

Nthano yanga yagwera m'madzi pamenepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusamo afukule isanasanduke khala. Ndipo mukadzakwera sitima, ana inu, hutala ikalira muzidzathamanga ndi a Mbuzi omwewo. Amene amadikira kuitanidwa payekha amatsanzikana ndi utsi.