Foni ya Chule ndi Chithunzi cha Mvuu

Kalekale, nyama zitangoyamba kugwira mafoni... Iwe Lekeleni, chotsa mphuno pagalasipo. Inunso a Gondoza musaseke, yanu ija ndi yomanga ndi mphira.

Kudambo kunali Chule. Mkazi wake anali atapita kwa amayi ake kutsidya kukachira, ndipo anabereka ana mbwee. Chule mtima dyokodyoko, kufuna kuwaona. Anagulitsa mpunga wake wonse, ulendo kumsika kwa Khwangwala wogulitsa mafoni.

"Iyitu ndi ya mabwana," anatero Khwangwala. "Imatsegulidwa ndi chala."

Chule anaika chala. Chala chonyowa, foni zii. Anaikanso, foni zii.

"Nanga iyo yonyezimirayo?"

"Imeneyo mugulitse dambo lonse, ndi apongozi omwe."

Pamapeto Khwangwala anatulutsa kafoni kotchipa. Maso atatu kumbuyo ngati yodula ija, batire losatha msanga, madzi sikaopa. Chule anakanyambita, kakugwirabe ntchito. Anagula, nayamba kudumpha kubwerera kwawo.

Panjira anakumana ndi Mvuu. Tsono Mvuu anali ndi khalidwe lake. Aliyense akagula chatsopano, ankati, "Bwera nacho akulu aone." Akulu akaona, chapita. Iye anali nayo foni yodula, koma anaikhalira tsiku lomwe anagula, phwa.

"Iwe wamaso otuzuka, bwera nacho akulu aone."

"Amalume, ndi kachabechabe aka. Ka amphawi."

"Kamajambula?"

"Pang'ono."

Mvuu analanda. Ankafunsira mkazi wina kumtunda kwa mtsinje, ndipo mkaziyo anali atanena kuti ayambe waona chithunzi. Mvuu anadina ndi phazi lake lija. Tochi inayaka, wailesi inalira, foni inaimbira apongozi a Chule. Anadinanso, inajambula mphuno yokha, mphuno yodzaza galasi lonse ngati mauna awiri a mbewa.

"Gwira," anatero Mvuu. "Undijambule thupi lonse, aone kuti ndimadya. Ukatha, foniyi ndi yanga."

"Nanga ana anga ndiwaonera pati, amalume?"

"Achule onse ndi ofanana. Ukadziyang'ane m'madzi."

Chule anakweza kafoni, natsinzina diso limodzi ngati ojambula a kumaukwati.

"Amalume, mwatuluka mutu wokha. Tabwererani m'mbuyo pang'ono."

Mvuu di, di, kubwerera.

"Tsopano yalowa mimba, koma miyendo yatsala. Pang'ononso."

Di, di.

"Kwezani chibwano, muyang'ane kumwamba. Olemera sayang'ana pansi. Mwetulirani. Eya, mayi aja akomoka. Katsala kamchira kokha. Pang'ononso."

Paja kumbuyoko kunali dzenje limene anthu ankakumbamo dothi la njerwa. Chule ankaliona bwinobwino. Mvuu, mano pamtunda, chibwano kumwamba, di, di... khuu! Chagada m'matope, miyendo inayi m'mwamba, kamchira kali pikupiku.

Chule anafika m'mphepete. Tcha. Anazungulira mbali ina. Tcha.

"Ayi ndithu, kafoni aka nkabwino. Mwalowa thupi lonse, amalume. Ngakhale nkhupakupa za kumimba zikuoneka."

"Fufuta msanga, mwana wa mlongo wanga."

"Lero ndakhala mwana wa mlongo wanu? Ndimati nditumize kumtunda kuja, paja akudikira. Kapena pagulu la amayi a kudambo, amene munawalanda mapoto aja."

"Foniyo ndi yako. Mapoto ndibweza. Fufuta."

"Ndifufuta ana anga akadzakula."

Ana a chuletu akamakula, ena amakhala atabadwa kale. Chule anakhala pachulu pomwepo, naimbira mkazi wake. Tiana tonse tinadzaza galasi, timichira pikupiku.

"Akubuulayo ndani?" anafunsa mkazi.

"Ndi amalume, akupuma."

Mvuu anakhala m'dzenjemo mpaka mvula inagwa, madzi nkumuyandamitsa. Atatuluka anathamangira kumtsinje, thibu. Mpaka lero amangotulutsa maso ndi timakutu, kusuzumira ngati kumtunda kuli wojambula. Mukamuona wayasamula kukamwa konse kuja, si tulo ayi. Akuti, "Fufutaaa."

Yathera pompa, batire la pakamwa panga latha. Tsono inu okonda za eni, wojambula akati bwererani pang'ono, muziyamba mwacheuka. A Gondoza, mwamva? Kumbuyo kwanuko kuli mtondo.