Chiponde cha Gologolo pa Mlatho wa Mvuu

Kalekale, inu ana, ndi inu akuluakulu amene mukunamizira kusinza koma makutu ali tcheru, panali dziko la nyama limene linkalekezera pa mtsinje waukulu. Kutsidya kunali dziko lina, la mfumu ina. Powolokera panali pamodzi pokha, pa mtengo wa mbawa umene unagwa n'kupingasa madzi. Umenewo ndiwo unali mlatho.

Chaka china nyama zinatengeka ndi mchere wa kutsidya. Zinagulitsa zokolola zonse, n'kusesa nkhokwe mpaka pansi. Mvula itagwa, zinapezeka kuti zilibe chodzala. Njala imene inabwera inali yoti ngakhale Fisi ankathyola therere.

Njala itatha, bwalo linakhala pansi n'kugwirizana kuti katundu aliyense wotuluka m'dziko azikhala ndi gulu lake. Gulu loyamba linali la mbewu, chilichonse chimene ukachiponya m'nthaka chingamere. Zimenezi zisawoloke, zizipita ku nkhokwe ya dziko. Gulu lachiwiri linali la zokonzakonza, zimene zadutsa pamoto kapena mumtondo. Zimenezi mlonda azingolawa pang'ono, ziziwoloka. Gulu lachitatu linali la zamoyo, monga nkhuku kapena njuchi zimene wina wanyamula. Zimenezi ziziyamba zadikira pagombe, zioneke ngati zilibe matenda.

Lamulolo linali labwino. Chimene chinalakwika n'chakuti pa mlatho anaikapo Mvuu.

Mvuu anali ndi pakamwa ngati khomo la khola, ndipo mimba yake inkadzuka iye asanadzuke. Ukabwera ndi dzungu, ankati ndi mbewu, popeza m'kati muli nthanga. Ukachotsa nthangazo, ankati dzungu lobooka ndi chiwiya, ndipo ziwiya zilibe gulu, zitsale. Zonse zotsala ankati akapereka yekha ku nkhokwe ya dziko. Nkhokweyo inali pululu, yopanda kanthu, koma Mvuu ankangonenepa.

M'dzikomo munali mayi wina wamasiye, Gologolo, mlimi wa mtedza. Mwana wake wamkazi anakwatiwa kutsidya. Tsiku lina uthenga unafika kuti mwanayo wachira, wabereka mapasa, koma thupi lake lafooka ndipo mkaka sukutuluka. Apongozi ake ankangomupatsa phala lamadzimadzi, lopanda chotendera.

Gologolo sanakhalenso pansi. Lamulo ankalidziwa, choncho anasenda mtedza, naukazinga pa phale mpaka fungo linafika kwa anansi. Anadzaza nsengwa, nasenza, ulendo wa ku mlatho.

"Odi, a Mvuu."

"Fikani, mayi. Mwasenza chiyani?"

"Mtedza wokazinga. Gulu lachiwiri. Lawani kamodzi ndidutse, mwana wanga akudwala."

Mvuu anasuzumira mu nsengwa, mphuno zikugwedezeka. "Gulu amatchula ndi mlonda, mayi, osati mwini katundu. Kamodzi aka n'kokazinga, ndavomera. Nanga aka? Tidziwa bwanji kuti pakati pa anzake sipanabisale kakawisi? Mukufuna njala ibwerenso chifukwa cha inu?"

"Ndakazinga ndekha, wonse."

"Ndiye palibe choopa. Tilawa wonse."

Kukutu, kukutu, kukutu. Gologolo anangoima, mchira uli njoo, akuona nsengwa ikutsika. Itatha, Mvuu ananyambita milomo.

"Munanena zoona, mayi. Unali wokazinga wonse. Mutha kuwoloka."

"Ndiwoloke ndi chiyani?"

"Ndi nsengwa yanu. Ife sitilanda za eni."

Gologolo anabwerera kwawo misozi ili lengelenge. Koma m'nkhokwe munali mutatsala mtedza. Anati, ngati vuto ndi kumera, ndiupere uone pomerera. Anautsanulira mumtondo. Thi, thi, thi. Anasefa, nasinjanso, nasefanso, mpaka inakhala nsinjiro yosalala. M'mawa mwake anali pa mlatho.

"Nsinjiro, a Mvuu. Yadutsa mumtondo. Ngakhale mutaithirira chaka chonse, siingamere."

Mvuu anazungulira nsengwa ija, akufunafuna chonena. Mwatsoka, kanyerere kamodzi kanali katakwera m'mphepete mwa nsengwayo.

"Ichi n'chiyani?"

"Nyerere. Yakwera panjira."

"Ikuyenda?"

"Ikuyenda."

"Chinthu choyenda n'chamoyo. Nsengwa ili ndi chamoyo, ndiye kuti katundu yense ndi wa gulu lachitatu. Agone pano, timuone ngati alibe matenda. Mubwere mawa."

Gologolo anauzira kanyerereko, fuu, n'kugwa. Mvuu anati gulu likatchulidwa latchulidwa, silibwerera m'kamwa.

Kutacha Gologolo anapeza nsengwa ili mbee, ngati yotsuka. Pa ndevu za Mvuu panali mbuu.

"Nsinjiro yanga ili kuti?"

"Yathawa," anatero Mvuu, nkhope ili yachisoni. "Ndimomwe zimachitira zamoyo, mayi. Ukangotembenuka, zapita."

Gologolo anakhala pa mwala pafupi ndi gombe kuti alire bwino. Mwalawo unatsokomola. Sunali mwala ayi, anali Fulu, nkhalamba ya kumtunda kwa mtsinje.

"Pepani agogo, sindinakuoneni. Mukutani pano?"

"Ndikudikira, mwana wanga," anatero Fulu. "Ndinkapita ku maliro a mlamu wanga kutsidyaku. Mvuu anati chigoba changachi ndi chotengera, ndipo zimene zili m'katimo ndi zamoyo. Ndiye ndine katundu wa gulu lachitatu, wonyamulidwa ndi ine ndemwe. Akuti ndikafuna kuwoloka, ndisiye katunduyo pano, ndipite ndekha."

"Nanga maliro aja?"

"Anaika kalekale. Mwina ndikapezeka pomanga chiliza."

Gologolo anafuna kuseka, koma anakumbukira mapasa aja, kuseka n'kuthawa. Anayang'ana Mvuu ali kutafuna nzimbe za Nyani, zimene anali atangozitchula kuti ndi mbewu chifukwa zili ndi mfundo. Anaona kuti mphamvu zonse za Mvuu zili pakamwa. Pakamwa pomwepo ndi podyera, pomweponso ndi potchulira magulu.

"Agogo," anatero Gologolo, "mawa musapite patali."

"Ndingapite kuti, ine katundu?"

Kunyumba mtedza unali utatsala wochepa, wapansi pa nkhokwe. Gologolo anaukazinga, naupukusa makoko, nauthira mumtondo. Ulendo uno sanasefe. Anangosinja. Thi, thi, thi. Mtedza unasanduka ufa, iye osaleka. Thi, thi, thi. Ufa unayamba kutuluka mafuta, munsi n'kumakakamira. Nyaa, nyaa, nyaa. Pomaliza munali chinthu chofiirira, chonata, chonunkhira, chimene nyama iliyonse inali isanachionepo. Anathiramo kamchere kotsiriza ka m'nyumba. Ndicho chiponde choyamba, ana inu, ndipo chinabadwa chifukwa cha mkwiyo.

Chambiri anachiika m'kamphika kake kakang'ono. Kenako anakabwereka mphika waukulu kwa Nguluwe, nakwera m'mitengo ya kachere imene ankaidziwa nthambi iliyonse, natenga ulimbo, uja osaka amakolera mbalame. Anadzaza nawo mphikawo mpaka m'khosi, pamwamba n'kumatapo chiponde chotsala, n'kusalaza bwinobwino.

M'mawa Nguluwe anamuthandiza kusenza. Pa mlatho anapeza mzere wautali, chifukwa linali tsiku la msika kutsidya. Panali Nyani ndi nthochi, Nkhanga ndi mapira okazinga, ena ndi makaka a chinangwa, onse nkhope zili zakugwa.

Fungo linafika kwa Mvuu mwini katundu asanafike.

"Mayi aja abwere kutsogolo. Mwatenga chiyani lero?"

"Sindikudziwa, a Mvuu. Gulu amatchula ndi mlonda."

Mvuu anasuzumira. Anakanda mutu. "Ndi mtedza?"

"Unali mtedza."

"Ndi ufa?"

"Unali ufa dzulo masana."

"Ndi mafuta?"

"Mafuta alimo, koma ukapendeketsa mphika satayika."

"Chikuyenda?"

"Ndachiyang'anira kuchokera kunyumba, sichinasunthe."

Nyama za pamzere zinayamba kusendera pafupi. Nyani anati chimenechi ndi phala. Nkhanga anati phala silinunkhira chonchi, ndi ndiwo. Nguluwe anati kwawo chinthu chotere amazira nacho nyumba.

"Khalani chete," anatero Mvuu. "Chinthu chopanda gulu chimafuna kulawa kwa akatswiri."

Gologolo anamupatsa kamphika kakang'ono kaja, mwaulemu, ndi manja awiri. "Lawani umu, bambo. Waukuluwu musaukhudze, chonde. Ndi wa mwana wanga wodwala."

Ndipo anaima kutsogolo kwa mphika waukulu, n'kuuphimba ndi mchira.

Mvuu anayang'ana kamphika. Anayang'ana mphika. Anayang'ananso kamphika.

"Mukubisa chiyani mu waukuluwo?"

"Palibe. N'chimodzimodzi. Koma ndikukupemphani, musadye umenewo, mudzadandaula."

"Mwamva nonse," anatero Mvuu, "akuopseza mlonda. Kakang'onoka tengani, n'kosakwana n'kulawa komwe. Wokayikitsa ndi uwu."

Anakankha Gologolo ndi mphuno, nayasamula, nakhuthulira mphika wonse m'kamwa. Khuthu. Anatseka pakamwa kuti atafune.

Pakamwa sipanatsegukenso.

Anayesa kumanzere. Anayesa kumanja. Mano akumwamba anali atagwirana ndi akumunsi ngati anabadwa limodzi, lilime litamatirira kumwamba. Timaso take tinatuluka, tuzuu. Timakutu tinkangozungulira.

Gologolo anadikira pang'ono, kenako anafunsa ndi mawu ofatsa.

"Mwalawa, a Mvuu. Kodi ndi gulu lachiwiri?"

"Mmm," anatero Mvuu.

"Agogo a Fulu, inu ndinu akulu pano. Ati chiyani?"

Fulu anatulutsa khosi lake lonse. "Ine ndakhala pagombe pano nthawi yaitali, chilankhulo cha bwanayu ndimachimva. Ati eya."

"Ndiye ndiwoloke?"

"Mmm! Mmm!"

"Ati muwoloke msanga," anatero Fulu, "mukuchedwetsa anzanu."

Mvuu anayesa kupukusa mutu kuti akane, koma ulimbo unali utayenderera n'kumata chibwano pa chifuwa, moti mutu unkangopita m'mwamba ndi pansi, m'mwamba ndi pansi, ngati mkulu amene akuvomereza mlandu wogamulidwa bwino.

Gologolo anasenza kamphika kake nakwera pa mlatho. Nkhanga anabwera pambuyo pake.

"Mapira okazinga awa, gulu lachiwiri?"

"Mmm."

"Zikomo, bwana."

Nyani anafunsa za nthochi, nayankhidwa chimodzimodzi. Koma Mbewa atafuna kuzembetsa thumba la chimanga chambewu, Gologolo anatembenuka pakati pa mlatho.

"Chimenecho bwezani, achimwene. Njala ija tonse tinaiona. Ife tikulimbana ndi mimba ya Mvuu, osati lamulo."

Mbewa anabwerera akung'ung'udza.

Womaliza anali Fulu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamphuno pa Mvuu.

"Bwana, ine ndine munthu wapaulendo kapena katundu?"

"Mmmmm."

"Ndimadziwa kuti tsiku lina mudzandipepesa," anatero Fulu. "Ndakhululuka."

Mvuu sanathenso kupirira. Anathamangira mumtsinje, chubwi, kuti madzi asungunule ulimbo.

Gologolo anafika kwa mwana wake dzuwa lili pamutu. Anamupeza atagona pamphasa, maso atalowa m'kati, tiana tiwiri tikulira mopanda mphamvu. Sanalonjere ndi apongozi omwe. Anakoleza moto, naphika phala, nathiramo chiponde, namwetsa mwana wakeyo pang'onopang'ono ngati mmene ankachitira ali wakhanda. Anakhala komweko mpaka mkaka unabwera, mapasa n'kuyamba kulira mokweza moti anansi ankadandaula. Apongozi aja, amene poyamba ankayang'ana kamphikako monyoza, anapezeka tsiku lina akukomba ndi chala kuseri kwa nyumba.

Nkhani inafika ku bwalo. Akuluakulu atapita kukaona nkhokwe ya dziko, anapezamo akangaude okhaokha. Mvuu anachotsedwa ntchito, pa mlatho n'kuikapo Choso, kambalame kakang'ono kamene kakalawa njere imodzi kakhuta. Za chiponde anakangana mpaka dzuwa kulowa, ena akuti ndi ndiwo, ena akuti ndi mafuta, mpaka anangochisiya m'gulu lachiwiri chifukwa aliyense ankafuna kupita kwawo kukayesa kusinja chake.

Mvuu uja ulimbo unamuchoka, koma mantha sanamuchoke. Mpaka lero amakhala m'madzi usana wonse, ndipo pakapita kanthawi amatulutsa mutu n'kuyasamula kwambiri, yasaa, kufuna kutsimikiza kuti pakamwa pakutsegukabe.

Ndiye inu ana, mukadzakula n'kupatsidwa ntchito yotchula mayina a katundu wa eni, muzidya kaye kunyumba. Ndipo inu akuluakulu amene mwayang'ana pansi, sindinatchule munthu. Nthano yanga yafika pa mlatho, yalawidwa, yawoloka, ndipo yathera pomwepo.